Mipando ya Makolo Kumadzulo kwa Lilongwe: Mbiri Yake ndi Kasamalidwe Kake

Msewu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji umadutsa pa Chitedze, pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete. Pamalo onsewa, ndiponso pa Nsaru, pa Kabudula ndi pa Nambuma chakumpoto, kalipentala sasowa. Mumupeza pansi pa chisakasa m'mbali mwa msewu akupala thabwa la paini kapena la bulugamu, akukhoma zitseko, mabedi, mabenchi ndi mabokosi a maliro. Ntchito imeneyi yatha zaka zoposa 100 m'dera lino, koma umboni wake weniweni suli m'mbali mwa msewu ayi. Uli m'nyumba za agogo, kwa mafumu, m'matchalitchi ndi m'nyumba za ansembe ndi abusa. M'menemo ndi mmene muli makabati a mlombwa okhala ndi maluwa ogoba pazitseko, matebulo a mbawa, mipando ya ndalema ndi mabokosi akuluakulu osungiramo zovala. Katundu wotere ndi wovuta kumukhomanso lero chifukwa mitengo yake ikusowa. N'chifukwa chake amene ali naye ayenera kudziwa kumene adachokera, mtengo umene adakhomera ndi chimene adamupaka, asanamugwire ndi sandipepa kapena bulashi.

Macheka asanafike

Achewa a m'chidikha cha Lilongwe ankaudziwa mtengo kalekale mzungu asanaponde kuno. Chitsulo ankayenga okha m'ng'anjo, ndipo mabwinja a ng'anjo zotere akuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Osula ankasula nkhwangwa, nsompho ndi mipeni, ndipo ndi zida zimenezi mmisiri ankasema mtondo, munsi, ng'oma, chipande, mthiko, mtsamiro ndi kampando kakafupi. Chilichonse chinkatuluka m'chipika chimodzi, chopanda polumikiza, chopanda msomali. Anthu ambiri ankakhala pamphasa, pachikumba kapena pachipika, ndipo mpando wosema udali wa mfumu ndi akuluakulu a pabwalo. Chitseko chidali cha bango kapena cha nsungwi.

Kukongoletsa kudalipo kale. Mmisiri ankagoba mizere ndi timakona ndi mpeni, kapena kulemba ndi chitsulo chamoto. Akamaliza ankapaka mafuta a nsatsi kapena phula la njuchi, kenaka zotsalazo zinkachitika zokha m'nyumba. Utsi wa pamoto, mafuta a m'manja ndi kukhalidwa tsiku ndi tsiku zinkadetsa mtengowo mpaka kuda bii n'kumawala. Kuwala kotere kumafuna zaka makumimakumi kuti kubwere, ndipo kukapalidwa sikubwereranso. Amene ali ndi kampando ka mtundu umenewu adziwe kuti kuda kwakeko ndiye msinkhu wake.

Amishoni ndi thabwa

Thabwa, msomali ndi polumikiza zidabwera ndi amishoni. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi amisiri akuda motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott. Kumpoto, Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun pa Khondowe mu 1894, ndipo ukalipentala udali umodzi mwa maluso amene anyamata ankaphunzira kumeneko kwa zaka zingapo. M'chigawo chapakati, amishoni a Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889, ku Kongwe mu 1894 ndi ku Nkhoma mu 1896, pambuyo pake n'kudzatsegulanso Malingunde. Ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers adatsegula Mua, Likuni ndi Kachebere mu 1902 ndi 1903, ndipo m'zaka za m'ma 1920 adafika ku Nambuma.

Mishoni iliyonse inkafuna zitseko, mawindo, mabenchi, guwa, madesiki ndi mitanda ya denga. Kunalibe kogula zimenezi, choncho ankayenera kuzipanga pompo. Mtengo ukagwetsedwa, ankakumba dzenje n'kugoneka chipikacho pamwamba pake. Amuna awiri ankagwira macheka aatali, wina ali pamwamba wina ali m'dzenjemo, n'kumakoka mosinthana mpaka thabwa litatuluka. Matabwawo ankawasanja pamthunzi, timitengo tili pakati, kuti aume miyezi yambiri. Mnyamata wophunzira ntchito ankayambira kukoka macheka ndi kunola zitsulo, kenaka kupala, ndipo pomaliza penipeni ndi pamene ankaloledwa kulumikiza.

Kalumikizidwe kameneka ndi kamene kasunga katunduyu mpaka lero. Mmisiri ankagoba bowo lamakona anayi m'mwendo wa tebulo, n'kusema lilime kumapeto kwa thabwa lina kuti lilowe m'bowomo mothina, kenaka n'kukhomapo chikhomo cha mtengo. M'makona a madilowa ndi mabokosi ankadula mano olowana. Guluu wake adali wa zikopa ndi mafupa, wosungunula m'kapoto pamoto. Misomali inkadula mtengo ndipo inkachokera kutali, ku masitolo a Mandala ndi a amwenye pa boma, choncho mmisiri wabwino ankaigwiritsa ntchito pang'ono.

Ndalama za fodya ndi za ku Joni

Luso likhoza kukhalapo, koma popanda wogula silikula. Ndalama zogulira tebulo ndi kabati m'midzi ya kuno zidabwera ndi fodya. Cha m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, adayamba kulimbikitsa alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa kulima fodya, iwo n'kumagula. Barron adali ndi esiteti ya Mbabzi, kumadzulo kwa boma la Lilongwe. Alimi adachuluka mofulumira moti mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwu. Fodya wake adali wa chikopa, woumitsa ndi utsi. Mlimi akagulitsa bwino ankagula nsalu ndi njinga, chaka china chitseko cha thabwa, chaka chinanso tebulo ndi mipando yolandirirapo alendo. Koma fodya yemweyo ankadya nkhuni ndi mitengo ya zigafa, kotero ndalama zimene zinkabweretsa mipando m'nyumba zinkachotsanso mitengo kudambo ndi kuthengo.

Ndalama zina zinkachokera kunja. Amuna ambiri a m'dera lino adapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena paokha, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi. Pobwerera ankanyamula bokosi la zovala, ndiponso ankabwera ataona mawadilopu a kalilole ndi makabati a magalasi m'nyumba za kumeneko. Akafika ankapita kwa kalipentala wa pafupi n'kumulongosolera zimene adaona. Ndi mmene makabati a maluwa ogoba, miyendo yosema mozungulira ndi zogwirira za mkuwa zidalowera m'midzi. Ulendo wa Wenela udaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za kumigodi kwa zaka zingapo.

Nthawi imeneyo n'kuti ndalama zina zitayamba kuyenda m'deralo. Mu 1968 idayamba ntchito ya chitukuko ya Lilongwe Land Development Programme ndi thandizo la World Bank, imene idalambula misewu, kukumba mijigo ndi kumanga misika kumadzulo kwa boma la Lilongwe. Alangizi, aphunzitsi ndi makalaliki a ADMARC adadzakhala m'malo a malonda, ndipo aliyense ankafuna bedi, tebulo ndi kabati. Mu 1975 likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba, ndipo maofesi ndi nyumba zatsopano zidafuna amisiri a matabwa ambirimbiri. Katundu wambiri wakale amene tikumuona lero m'midzi ya Kalolo, Kabudula ndi Khongoni ndi wa zaka zimenezi, kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980.

Dzina la Namitete

Pa nkhani ya matabwa, dzina la Namitete limadziwika kutali. Mpingo wa Katolika udamanga zambiri kumeneko. Chipatala cha St Gabriel chidatsegulidwa mu 1959 ndi masisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg. Kumeneko kulinso sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, ya mpingo womwewo koma yothandizidwa ndi boma, imene imawerengedwa pamodzi ndi masukulu a Lilongwe, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Ukalipentala ndi umodzi mwa maluso ake. Mnyamata wotuluka m'sukulu yotere ankadziwa kuwerenga pulani, kuyeza ndi sikweya, kuumitsa thabwa ndi kupaka polishi. Akatsegula shopu kwawo ankaphunzitsanso mphwake ndi ana a alongo ake, ndipo luso lidafalikira motero mpaka kwa anthu amene sadalowepo m'kalasi. Kuyambira mu 1999 maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA.

Pambali pa akalipentala padalinso osema ziboliboli. Iwo ndi amene adatchukitsa mpando wa mfumu, uja wa matabwa awiri olowana, wogobedwa njovu, mvuu, amayi osinja kapena zilombo za Gule Wamkulu kotsamirako. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko adaonetsa kuti zitseko za tchalitchi, guwa ndi mipando zikhoza kunyamula mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mipando yogoba yotere idalowa m'matchalitchi, m'mahotela ndi m'nyumba za anthu, ndipo yakale mwa iyo tsopano ikufunika chisamaliro chofanana ndi cha makabati aja.

Kudziwa mtengo

Amene akufuna kukonza mpando wakale ayambe wautembenuza. Kunsi kwa tebulo, kumbuyo kwa kabati ndi m'kati mwa dilowa ndi kumene mmisiri sankapaka kanthu, ndipo kumeneko mtengo umaoneka mmene ulili.

Mlombwa ndiye mfumu ya matabwa kuno. Mtengo wake ukatemedwa umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Thabwa lake ndi lofiirira, lokhala ndi mizere ina yodera ina yagolide, losalemera kwambiri, ndipo silipindika kapena kung'aluka likauma. Chiswe sichikonda mtima wake, koma mbali yoyera ya kunja kwa chipika imafumbwa msanga. Mukaona kabati yafumbwa m'mphepete moyera mokha pamene kwina konse kuli bwinobwino, kawirikawiri ameneyo ndi mlombwa. Mbawa imamera m'mbali mwa mitsinje, ndipo thabwa lake limakhala lofiira motuwira likangochekedwa, n'kumadera ndi zaka. Popeza mtengo wake umakula kwambiri, tebulo la mbawa likhoza kukhala la thabwa limodzi kapena awiri otambalala. Msambamfumu ndi wolemera ndi wolimba, wofiira mopita ku chikasu, ndipo amisiri ankaukonda pa zitseko ndi mafelemu. Muwanga ndi wodera, wolemera ndi wouma gwa. Mkungudza wa ku Mulanje umadziwika ndi fungo lake lokoma limene silitha ngakhale patapita zaka zambiri, ndipo mabokosi ake ankasungiramo zovala chifukwa tizilombo sitikonda fungolo.

Phingo ndi wakuda m'kati, woyera kunja, ndi wolemera kwambiri. Sapezeka m'matabwa akuluakulu, choncho amaoneka pa ziboliboli, zogwirira ndi tizidutswa tokongoletsera. Ndi mtengo womwewo umene ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet. Chifukwa cha mtengo wake wokwera, ogulitsa ena amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato kuti uoneke ngati phingo. Kansalu konyowa ndi tepentaini kakapukuta pobisika n'kutuluka kakuda, ndiponso chinthucho chikapepuka m'manja, ameneyo si phingo.

Katundu wa zaka zapafupi ndi wa paini wa ku Chikangawa, woyera, wopepuka, wokhala ndi mfundo zozungulira, kapena wa malaina ndi bulugamu. Wina ndi wa utuchi woumba ndi guluu, wokutidwa ndi kachikopa kowala pamwamba. Apa ndi pamene akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, chifukwa madzi akangolowa pamphepete, thabwa lotere limafufuma n'kuyoyoka.

Zida nazo zimasiya mapazi. Macheka a padzenje amasiya mizere yowongoka koma yopendekeka ndi yosafanana kutalikirana kwake, pamene macheka a makina ozungulira amasiya mizere yokhota. Puleni ya pamanja imasiya timafunde timene chala chimamva chikamayenda kunsi kwa thabwa. Mano a m'makona a dilowa akakhala osafanana kukula, adadulidwa pamanja. Masikuluu a mzere umodzi pamutu ndi amene amapezeka pa katundu wakale, ndipo a mtanda adafala pambuyo pake. Guluu wakale amaoneka wofiirira, wouma ngati galasi, ndipo amafewa ndi madzi otentha. Guluu woyera wa m'botolo ndi wa masiku ano. Zizindikiro zimenezi zikaphatikizana ndi zimene agogo akukumbukira, monga chaka cha ukwati kapena chaka chimene malume adabwera kuchokera ku Joni, msinkhu wa katunduyo umadziwika bwino.

Kudziwa chimene adapaka

Zopaka nazo zili ndi mbiri yake. Amisiri a ku mishoni ankagwiritsa ntchito mafuta a linseed ndi phula, ndipo pa katundu wapamwamba ankapaka shellac. Ameneyu ndi utomoni umene tizilombo tina ta ku India ndi ku Thailand timasiya pa nthambi za mitengo. Amaugulitsa ngati timapale, n'kuusungunula mu sipiliti, ndipo mmisiri amaupaka ndi kampira ka thonje kokulunga m'nsalu, kupaka mopyapyala kambirimbiri mpaka thabwa litawala mozama. Kapakidwe kameneka, kotchedwa French polish, kadatchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Kenaka kudabwera vanishi wa mafuta wopaka ndi bulashi. Lacquer wopopera adayamba m'mafakitale a kunja m'zaka za m'ma 1920. Polyurethane, amene Otto Bayer ndi anzake adatulukira ku Germany mu 1937, ndiye adadzakhala vanishi wolimba wa m'zitini amene wafala masiku ano. M'nyumba zambiri amayi adawonjezerapo polishi wa Cobra wa pansi, wofiira kapena woyera, Loweruka lililonse kwa zaka zambiri.

Kudziwa chimene chili pa mpando n'kofunika chifukwa zopakazi sizigwirizana zonse. Vanishi watsopano akapakidwa pa phula kapena pa polishi wa pansi sauma bwino, amanyeta, ndipo pakapita nthawi amasupuka. Kuyesa kwake n'kosavuta, koma kuchitike pamalo obisika, monga m'kati mwa mwendo wakumbuyo. Yambani ndi kadontho ka tepentaini pansalu yoyera. Nsaluyo ikatuluka ndi phala lofiirira, pamwambapo pali phula kapena polishi, ndipo muyenera kupukuta mpaka zitatha. Kenaka donthezani sipiliti pang'ono n'kudikira kamphindi. Pakafewa n'kuyamba kumata, ameneyo ndi shellac. Pakapanda kusintha, yesani thinazi pamalo ena. Pakasungunuka msanga, ndi lacquer. Zonse ziwiri zikakanika, kapena pakangokwinyika osasungunuka, ndi vanishi wa mafuta kapena polyurethane. Thabwa likakhala lopanda chikopa chilichonse pamwamba, ndipo dontho la mafuta likulowa n'kudetsa pamalopo, lidangopakidwa mafuta.

Maso nawo amathandiza. Shellac wakale amadera n'kuchita timing'alu tating'onoting'ono. Vanishi wa mafuta amachita chikasu ndipo ming'alu yake imakhala ikuluikulu. Polyurethane amasupuka ngati pepala la pulasitiki.

Kukonza mosawononga

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mipando yambiri yakale imene anthu amati yatha imakhala kuti yangoda. Choyamba ndi kuchotsa fumbi ndi bulashi yofewa, makamaka m'maluwa ogoba. Kenaka pukutani ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda a sopo pang'ono, yofinya kwambiri, kachigawo kamodzikamodzi, n'kuumitsa nthawi yomweyo ndi nsalu ina. Mpando wakale suthiridwa madzi ndipo suyanikidwa padzuwa, chifukwa madzi amasungunula guluu wakale ndipo dzuwa limang'amba thabwa. Mwaye ndi polishi wounjikana zimachoka ndi tepentaini. Nthawi zambiri pofika apa mtundu weniweni wa mlombwa umakhala utaonekera kale, ndipo chotsala ndi phula basi.

Phula labwino munthu akhoza kukonza yekha. Palani phula la njuchi m'tizidutswa, thirani m'botolo la pakamwa papakulu, onjezerani tepentaini mpaka litamira, tsekani, ndipo lisiyeni masiku angapo lisungunuke lokha, kutali ndi moto. Pakani pang'ono kwambiri, dikirani liume, kenaka pukutani mwamphamvu ndi nsalu yofewa. M'mogoba gwiritsani ntchito bulashi ya nsapato yatsopano. Kamodzi kapena kawiri pachaka n'kokwanira.

Zipsera zoyera zozungulira zimene kapu ya tiyi kapena mbale yotentha imasiya ndi chinyontho chimene chatsekeredwa m'zopakazo, sichidafike pathabwa. Kawirikawiri zimachoka popukuta ndi phula lija, kapena poyala nsalu youma n'kudutsitsapo simbi yofunda pang'ono kwa kanthawi kochepa. Chipsera chakuda ndi china: pamenepo madzi adalowa mpaka m'thabwa, nthawi zambiri atakumana ndi chitsulo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya mmisiri wodziwa.

Ubwino wa shellac ndi woti watsopano amasungunula wakale n'kukhala chinthu chimodzi. Pokalika kapena pong'aluka, kampira ka nsalu konyowa pang'ono ndi sipiliti kakadutsa mopepuka kamatseka ming'aluyo, ndipo pamene padaperepeseka mukhoza kuwonjezera shellac watsopano mopyapyala, osapala tebulo lonse. Pa vanishi wa mafuta, kwechani pamalo owonongeka pokha ndi sandipepa wosalala kwambiri motsata mizere ya thabwa, pukutani, ndipo pakani vanishi wosungunula ndi kabulashi kakang'ono. Thabwa la mafuta limangofuna mafuta a linseed pang'ono, opaka n'kupukuta onse otsala pasanathe theka la ola. Nsalu za mafuta amenewa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha, choncho ziyanikeni panja motambasula kapena zimizeni m'madzi.

Timabowo ndi timikwingwirima timatsekeka ndi phula losakaniza ndi utoto wofanana ndi thabwalo. Bowo lalikulu limafuna utuchi wa mtengo womwewo wosakaniza ndi guluu, kapena kachidutswa ka mtengo womwewo. Mwendo ukamagwedera, musaukhome msomali, chifukwa msomali umang'amba lilime lija ndipo dzimbiri lake limadetsa thabwa. Sololani polumikizapo, chotsani guluu wakale, pakani watsopano, ndipo mangani ndi chingwe kapena mphira wa chubu cha njinga mpaka mawa lake. Mukaona ufa watsopano pansi pa kabati, tizilombo tofumbwa tikadali m'katimo. Thirani mankhwala ake m'timabowomo, panja, ana ali kutali. M'nyumba yozira, ikani miyendo ya kabati pa njerwa kapena pa timiyala tafulati, ndipo kabatiyo isagunde khoma, kuti chiswe ndi chinyontho cha dzinja zisaifike.

Pali zinthu zitatu zimene zawononga katundu wambiri m'midzi muno. Choyamba ndi oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amapaka poopa chiswe. Amadetsa thabwa mpaka m'kati, amanunkha, amadetsa zovala, ndipo pambuyo pake palibe chopaka chimene chingagwire. Chachiwiri ndi mafuta ophikira, amene sauma koma amangomata fumbi. Chachitatu, chimene chili chachikulu, ndi makina opalira ndi penti. Makina amadya m'mphepete mwa maluwa ogoba m'kamphindi, amafafaniza mapazi a puleni, ndipo mtundu umene zaka 60 zidabweretsa umapita ndi fumbi. Penti wonyezimira akabwera pamwamba, kabati ya mlombwa imangofanana ndi ya paini. Ndiponso penti wina wakale adali ndi mtovu, umene fumbi lake ndi poizoni makamaka kwa ana, kotero katundu wopentedwa kale sayenera kupalidwa mouma m'nyumba.

Mitengo idapita kuti

Chifukwa chenicheni chosamalira katunduyu chili kunkhalango. Dzalanyama, imene idakhazikitsidwa ngati nkhalango yotetezedwa mu 1922 ndipo ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, yadyedwa ndi makala moti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukailondera. Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yawonongeka ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa. Mkungudza udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri la Mulanje. Ngakhale dziko lidayamba kukhala ndi tsiku lodzala mitengo mu 1976, yodzalidwa kwambiri idali bulugamu, malaina ndi ina yokula msanga. Mlombwa umavuta kudzala ndipo umakula pang'onopang'ono, kotero amene waudzala lero, thabwa lake adzacheka ndi adzukulu ake. Vutoli si la Malawi yekha. Mu 2022, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Panama, maiko adagwirizana kuti malonda a kunja a mitengo ya mu Africa ya m'banja la mlombwa, mbawa ndi msambamfumu aziyendera zilolezo, monga zidachitikira kale ndi phingo.

Kalipentala wa pa Nsaru kapena pa Namitete lero akhoza kukhala ndi luso lofanana ndi la agogo ake, koma thabwa lotambalala la mlombwa wokhwima amalisowa, ndipo akalipeza mtengo wake ndi woti mlimi sangaufike. Ndiye kabati imene ili pakona m'nyumba ya agogo, ngakhale yada ndi utsi, ngakhale hinjesi imodzi idathyoka, ndi chuma chimene banjalo silingachigulenso likachitaya. Akalipentala athu ali ndi mwayi pamenepa. Kukonza katundu wakale ndi ntchito yosafuna thabwa latsopano, imangofuna diso, sipiliti, phula ndi kuleza mtima, ndipo masukulu a ntchito zamanja angachite bwino kuiphunzitsa monga amaphunzitsira kukhoma.

Inu amene mudasiyiridwa kabati, tebulo kapena mpando wa makolo, funsani akuluakulu akadali moyo kuti adakhoma ndani, kuti, ndipo chaka chanji. Lembani zimenezo papepala n'kumata m'kati mwa chitseko chake. Yesani chimene adapaka musanawonjezere chilichonse, konzani pokhapo pamene pawonongeka, ndipo musalole kuti apale kapena kupenta katundu yense. Mukatero, dzalaninso mbawa m'mbali mwa dimba ndi kusiya mphukira za mlombwa zimene zikumera m'munda, kuti amisiri a m'tsogolo adzakhale ndi chokhomera.